Kusisita mayi wapakati: manja apite pati, asapite pati

Msana wa mayi woyembekezera umawawa, chiuno chimawawa, usiku tulo sitibwera, ndipo yankho lomwe ambiri amapatsidwa ndi lija loti ndi mmene mimba imakhalira, pirirani. Yankho limeneli ine limandipweteka. Sikuti ndi bodza ayi, mimba imabweradi ndi zowawa zake, koma pakati pa kungopirira ndi kumwa mankhwala pali chinthu china chomwe timachiiwala, manja a munthu. Kusisita, kutikita, masaji, kaya mumati chiyani kwanuko. Ndakhalapo ndi pakati, ndakhalanso pambali pa anzanga ali ndi pakati, nde ndikamanena kuti dzanja lofunda pamsana madzulo limasintha usiku wonse wa munthu sindikunena zomva kwa ena. Koma manja omwewo atha kuvulaza akapita malo olakwika kapena akafika pa nthawi yomwe munthu amayenera kukhala ali pa njira ya kuchipatala, ndipo mbali imeneyi ndi yomwe sinenedwa mokwanira.

Tiyambe ndi chomwe chikuchitika mkatimo, chifukwa anthu ena amaganiza kuti mayi akungofuna kunyengereredwa. Chiberekero chisanakhale ndi mwana ndi kanthu kakang'ono ka magalamu 60 kapena 70, pofika kumapeto chokhachokha chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, osawerengera mwana, madzi ndi nsengwa. Magazi m'thupi amawonjezekera ndi pafupifupi theka la omwe analipo kale. Pali homoni ina yotchedwa relaxin yomwe pamodzi ndi mahomoni ena imafewetsa minyewa yomanga mafupa kuti chiuno chidzathe kutseguka tsiku lobereka, koma siidikira tsikulo, imayamba kale ntchito, nde mafupa a m'chiuno amakhala ngati akugwedera ndipo minofu ndi yomwe imatsala ikulimbana kuti munthu aime chilili. Mimba ikukokera kutsogolo, msana wam'munsi ukupindika kuti munthu asagwe, mawere alemera akukokera mapewa pansi. Minofu imeneyi imagwira ntchito usana ndi usiku miyezi yambiri osapuma. Ena amamva ululu wochokera kuthako kutsika ndi mwendo, ena manja amachita dzanzi m'mawa chifukwa madzi achuluka m'thupi akupanikiza mtsempha wa pamkono, ena akatumba amakokana pakati pa usiku mpaka kudzuka ndi kukuwa.

Kodi kusisita kumathandizadi? Tiffany Field, yemwe anayambitsa Touch Research Institute, malo ofufuza za kusisita, ku University of Miami mu 1992, ndi mmodzi mwa anthu omwe anafufuza nkhaniyi kwambiri. Mu kafukufuku wake wa 1999 panali amayi oyembekezera 26, ena ankasisitidwa mphindi 20 kawiri pa sabata kwa masabata 5, ndipo osisitidwawo ananena kuti nkhawa yachepa, msana wachepa kuwawa, tulo tikubwera bwino. Amayi 26 ndi ochepa, sitingamange nyumba yonse pa nambala imeneyi, ndipo kafukufuku wambiri wa masaji ndi wotere, wa anthu ochepa. Nde ine sindingakuuzeni kuti masaji amapangitsa mwana kubadwa wonenepa kapena amachotsa matenda, amene akukulonjezani zimenezo akufuna ndalama zanu. Ngakhale mizere ija imatuluka pamimba ndi m'ntchafu khungu likatanuka, palibe mafuta omwe atsimikizika kuti amaletsa, zimatengera kwambiri mtundu wa khungu lomwe munthu anabadwa nalo. Chomwe ndikukhulupirira ndi chaching'ono koma chenicheni: minofu yotopa imamasuka, ululu umatsika kwa maola angapo, munthu amagona, ndipo mayi amamva kuti pali wina akuona kuti thupi lake likusenza katundu.

Ndipo sizifuna katswiri nthawi zonse. Ngati muli ndi mwayi wopita kwa munthu wophunzira za masaji a amayi apakati, pitani, koma mufunseni kaye ngati anaphunziradi za mimba, ndipo wodziwa ntchito yake iyenso adzakufunsani masabata angati, BP ili bwanji, munatayako magazi, ku sikelo anakuuzani chiyani. Akangoti kwerani patebulo osafunsa chilichonse, valani nsapato zanu muzipita. Koma kwa ambiri a ife manja omwe alipo ndi a mwamuna, a mchemwali, a mayi ake, a mnzake, ndipo manja amenewa akwanira akadziwa zinthu zochepa.

Choyamba ndi kagonedwe. Mimba ikadutsa masabata 20 mayi asagone chagada nthawi yaitali. Kumbuyo kwa chiberekero, chakumanja pang'ono, kumadutsa mtsempha waukulu womwe umabweza magazi kuchokera kumiyendo kupita kumtima, nde mayi akagona chagada chiberekero chimaukhalira, magazi obwerera amachepa, mayi amayamba chizungulire, mseru, thukuta, phuma, ndipo magazi opita kwa mwana nawonso amachepa. Agone chammbali, kumanzere ndiye kwabwino, pilo pakati pa mawondo, wina pansi pa mimba, wina kumutu. Olo akhale pampando mozondoka, nkhope kuyang'ana kotsamira, manja ndi mutu atatsamira pa pilo, msana wonse umakhala poyera. Chafufumimba nde musaganizeko mimba ikangoonekera.

Kenako yambani pamapewa ndi pakhosi, kutsika m'mbali mwa fupa la msana osati pafupa penipenipo, ndi chikhatho chonse osati kubaya ndi zala, mpaka pachiuno ndi m'matako pomwe ululu wambiri umabisala. Pang'onopang'ono. Abambo, apa ndikulankhula ndi inu, mphamvu zanu si zomwe zikufunika. Funsani, apa bwanji, ndiwonjezere kapena ndichepetse, ndipo akati pakuwawa siyani, musamati ndi mmene pamapolera. Mphindi 10 kapena 15 zokhazikika foni ili kutali ziposa ola lathunthu la dzanja limodzi pamsana maso ali pa mpira. Komanso, ndinene poyera, kusisita kumeneku kusakhale njira yopemphera zogonana. Mayi akadziwa kuti dzanja lililonse lomukhudza likubwera ndi ngongole sangamasuke, mapeto ake amangoti ndisiyeni ndagona kale.

Mafuta akhale wamba opanda fungo lamphamvu, chifukwa mphuno ya mayi wapakati imamva zinthu zomwe ena sitikumva n'komwe. Timafuta tija ta m'timabotolo ting'onoting'ono tochokera ku zomera, tonunkhira kwambiri, tisiyeni pokhapokha wazaumoyo atavomereza, kukhala kochokera ku chomera sikutanthauza kuti n'kosaopsa. Za miyezi itatu yoyamba, ambiri ochita masaji amakana kugwira mayi nthawi imeneyi, osati chifukwa zinatsimikizika kuti kusisita msana kumachititsa kupita padera, koma chifukwa nthawi imeneyi ndi yomwe mimba zambiri zimachoka zokha, makamaka chifukwa cha mmene mwana anapangikira pachiyambi penipeni, ndipo safuna kuti mlandu ugwere iwo. Ndikulemba izi chifukwa cha mayi amene mwina anapita padera ndipo mpaka lero amadzifunsa ngati ndi chifukwa choti wina anamusisita mapewa. Si chimenecho mayi.

Tsopano miyendo, ndipo apa ndichedwapo. Mapazi a mayi wapakati amatupa, makamaka madzulo ndi miyezi yomaliza, ndipo chinthu choyamba chomwe munthu wachikondi amachita ndi kugwira mwendo n'kuyamba kukanya akatumba. Vuto ndi loti magazi a mayi woyembekezera amaundana msanga kuposa a munthu wina, thupi limachita dala kukonzekera kuti asadzataye magazi ambiri pobereka, komanso magazi a m'miyendo amayenda mochedwa chifukwa cha kulemera kwa chiberekero. Chiopsezo choti magazi aundane mumtsempha wamkati mwa mwendo chimakwera ka 4 kapena ka 5, ndipo akabereka chimakweranso kuposa pamenepo, makamaka masabata 6 oyamba, makamakanso ngati anachitidwa opaleshoni. Kachibulumwa ka magazi kameneka kakathothoka kamayenda mpaka m'mapapo, ndipo munthu atha kufa. Nde ngati mwendo umodzi watupa kuposa unzake, ukuwawa, ukutentha, khungu lasintha mtundu, musaukhudze n'komwe. Osasisita, osathowa, osadikira kuche. Kuchipatala. Akayamba kubanika mwadzidzidzi kapena kumva kubaya pachifuwa ndiye changu chenicheni. Miyendo yonse iwiri ikangotupa pang'ono mofanana, mutha kuisisita mopepuka kuchokera kuphazi kukwera m'mwamba, osakanya, osadina pamitsempha yotupa ija imaoneka pakhungu, ndipo kuikweza pa pilo kapena kuiviika m'madzi kumathandizanso.

Kutupa kwina sikwa masaji ngakhale pang'ono. Nkhope ikatupa, manja akatupa mwadzidzidzi mpaka mphete kukana kuvuka, mutu ukuwawa osasiya, maso akuona zinthu zothwanima kapena zachimbuuzi, kapena pakuwawa pansi pa nthiti chakumanja, imeneyo itha kukhala BP ya mimba yomwe madokotala amati pre-eclampsia, imabwera masabata 20 akadutsa, BP kufika 140/90 kapena kuposa, ndipo ikalekereredwa mayi amakomoka. Chomwe ndimaopa ndi chikondi chomwe chimachedwetsa munthu. Mayi akuti mutu ukundiwawa, wapambali akuti bwera ndikusisite pakhosi ugone, mawa ukhala bwino. Amachita ndi mtima wabwino, koma usiku umenewo ndi womwe umafunika. Chimodzimodzi magazi akamatuluka, nsupa ikasweka, thupi likatentha, mimba ikamawawa nthawi isanakwane, mwana akachepetsa kusewera, kapena sikani itaonetsa kuti nsengwa yakhala m'munsi kutseka khomo la chiberekero. Zonsezi manja adikire kaye, azamba alankhule.

Pamimba penipeni, kuyika dzanja, kusisita khungu mopepuka, kupaka mafuta poti pakuyabwa, palibe vuto, ndipo miyezi yomaliza mwana amayankha ndithu, umamva akukankha pomwe pali dzanja. Chomwe sindivomereza ndi kudina, kukanya, kapena munthu kunena kuti mwana wakhala molakwika ndimutembenuza ndi manja kunyumba. Kutembenuza mwana wotsogoza matako kulipodi, koma amachita madokotala kuchipatala cha m'masabata 36 kapena 37, ataona ndi sikani pomwe pali nsengwa, akumvetsera mtima wa mwana, chipinda cha opaleshoni chili pafupi, chifukwa nsengwa itha kumatuka magazi n'kutayikira mkati. Ngati odziwa amachita atakonzeka chonchi, wina asakuuzeni kuti manja ake okha akwanira.

Pali kusisita kwina komwe timachita nako manyazi kukamba koma umboni wake ndi wabwino kuposa wa masaji a pamsana. Ndi kwa malo a pakati pa njira ya mwana ndi kotulukira chimbudzi, pomwe pamang'ambika kapena kudulidwa pobereka. Kuyambira sabata ya 34 kapena 35, mayi atasamba m'manja ndi kuwenga zikhadabo, amapaka mafuta wamba, kulowetsa zala zazikulu pang'ono, masentimita 3 kapena 4, n'kumakankhira pansi ndi m'mbali mofatsa mpaka kumva kutanuka, mphindi zochepa, kangapo pa sabata. Bungwe la Cochrane, lomwe limaunika kafukufuku wa zaumoyo, mu 2013 linasonkhanitsa kafukufuku wa amayi pafupifupi 2,500 ndipo linapeza kuti kwa omwe akubereka koyamba kumachepetsa mwayi wosokedwa, makamaka wodulidwa. Sikuti ukachita nde basi sung'ambika, ayi, koma amene anakhalapo pa ulusi masabata awiri akulephera kukhala pansi bwino akudziwa kuti kuchepetsa olo pang'ono n'kwamtengo. Osachita ngati pali mauka, zilonda, magazi, kapena nsupa yasweka, ndipo funsani azamba kaye, sadabwa ndi funso limeneli.

Matenda akayamba, manja amakhala ndi ntchito yaikulu. Mu 2018 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo a kasamalidwe ka mayi pobereka, ndipo muli poyera kuti kusisita ndi kuthowa ndi nsalu yofunda ndi njira zovomerezeka zochepetsera ululu ngati mayi akufuna, komanso kuti mayi akhale ndi munthu wodzisankhira yekha pambali pake. Ululu ukabwera, kudina ndi chikhatho mwamphamvu ndithu pafupa la pansi pa msana, kapena kupanikiza chiuno mbali zonse ziwiri, kumapepuza kwambiri, apa nde mphamvu zija zimagwira ntchito. Koma mawu oti ngati mayi akufuna ndi ofunika, chifukwa yemweyo amati sisita mphindi zapitazo atha kukuwa kuti usandigwire, ndipo akatero chotsa dzanja osakhumudwa. Malangizo omwewo amakana kukankha pamwamba pa mimba kuti mwana atuluke msanga.

Mwana akabadwa pali masaji ena omwe sakoma ngakhale pang'ono. Azamba amabwera n'kugwira pamimba panu pansi pa mchombo, nthawi zina n'kutikita mwamphamvu, inu mwatopa mukungofuna kuona mwana. Musawaone nkhanza. Pomwe nsengwa yachoka pamatsala bala lalikulu mkati, ndipo chomwe chimatseka mitsempha ya pamenepo ndi chiberekero chenichenicho kukungika. Chikakhala chofewa magazi amangotuluka, ndipo kutaya magazi pobereka ndi komwe kumapha amayi ambiri kuposa vuto lina lililonse la uchembere padziko lonse. Mu 2023 kunatuluka kafukufuku wamkulu wotchedwa E-MOTIVE, wa amayi oposa 200,000 m'zipatala za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania. Ankayeza magazi otayika ndi pulasitiki yokhala ndi muyezo m'malo mongoyerekeza ndi maso, ndipo akaona kuti achuluka ankapereka chithandizo chonse nthawi imodzi, kutikita chiberekero, mankhwala a oxytocin okungitsa chiberekero, mankhwala a tranexamic acid ochepetsa kutaya magazi, madzi a diripi, ndi kufufuza komwe magazi akuchokera. Mavuto aakulu a kutaya magazi anatsika ndi pafupifupi 60 pa 100 alionse. Kutikita kokha sikunachite zimenezi, ndi zonse pamodzi, koma ndi chinthu choyamba chomwe dzanja lingachite pomwepo. Pemphani azamba akuonetseni mmene chiberekero cholimba chimamvekera, kuti mukamva chafewa ndipo magazi akunyowetsa pad pasanathe ola muitane thandizo uku mukutikita.

Ndiyeno mumabwerera kunyumba, ndipo apa ndi pomwe mtima wanga uli. Aliyense amene wabwera akutambasula manja kufuna kunyamula khanda. Mayi amafunsidwa ngati mkaka ukutuluka, basi. Koma thupi lija lomwe lasenza miyezi 9 silinabwerere, chiberekero chimatenga pafupifupi masabata 6 kuti chibwerere mwakale, minyewa ikadali yofewa, minofu ya pamimba mwa ena yatalikirana pakati, ndipo pabwera ululu watsopano: khosi ndi mapewa chifukwa choweramira mwana poyamwitsa usana ndi usiku, mikono chifukwa chonyamula, msana chifukwa chogona mokhota kuopa kudzutsa khanda. Kumusisita mayi mapewa uku akuyamwitsa ndi chinthu chophweka zedi, sichifuna kuti avule kapena agone, ndipo mayi akamasuka oxytocin imayenda bwino, yomwe ndi homoni yotsitsa mkaka. Mukapita kukaona mwana, mufunsenso mayiyo kuti pakuwawa ndi pati. Ambiri sanafunsidwepo.

Malamulo a miyendo aja akadalipo, musaiwale, masabata amenewa ndi omwe magazi amaundana kwambiri, ndipo BP ija itha kubwera olo mwana atabadwa kale.

Mawere nawo tiwakambe, chifukwa apa malangizo asintha ndipo ambiri akadali ndi akale. Tsiku lachitatu mpaka lachisanu mkaka ukabwera mawere amatupa, amalimba, amatentha, pena pamachita kachotupa kowawa, ndipo timauzana kuti kanya mwamphamvu mkaka wagwirawo utuluke. Mu 2022 bungwe la madokotala oona za kuyamwitsa la Academy of Breastfeeding Medicine linalemba malangizo atsopano onena kuti kukanya mwamphamvu kumavulaza minofu ya m'bere n'kuwonjezera kutupa, chifukwa nthawi zambiri vuto si mkaka wouma wotseka njira koma kutupa komwe kukupanikiza tinjira ta mkaka. Chofunika ndi kusisita kopepuka ngati mmene mumasisitira mutu wa khanda, kuchokera kunsonga kulowera kukhwapa, kuika nsalu yozizira, ndi kupitiriza kuyamwitsa mwana akafuna osachita kufinya mpaka bere kuphwa. Bere likafiira, thupi likatentha, mukamanjenjemera ndipo tsiku latha osasintha, pitani mukaonedwe.

Amene munachitidwa opaleshoni, pabala osagwira mpaka litapola kwathunthu, kawirikawiri masabata 6, ndipo adokotala kapena anamwino aone kaye. Likapola, kusisita chipsera ndi nsonga za zala mozungulira, m'mwamba ndi pansi, kumathandiza kuti khungu lisamamve ngati lamatirira komanso kuti muzolowere malowo, chifukwa ambiri pamakhala dzanzi miyezi ndithu ndipo ena amaopa olo kupayang'ana. Yambani m'mbali mwake ngati pachipsera penipeni simunakonzeke. Pakatuluka mafinya, pakafiira kapena kutseguka, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala.

Chomaliza ndi mtima wa mayi. Kulira popanda chifukwa masiku oyamba kumachitika kwa ambiri ndipo kumatha kokha pasanathe masabata awiri. Koma WHO imati pafupifupi amayi 13 mwa 100 alionse amene angobereka kumene amadwala matenda a maganizo, makamaka kukhumudwa kwakukulu, ndipo m'maiko osauka nambala imakwera kufika pafupifupi 20. Munthu amene amasisita mayi madzulo aliwonse ndi yemwe ali pafupi kuona zimenezi, chifukwa pa mphindi zimenezo ndi pomwe mayi amalankhula, kapena kulephera kulankhula. Masabata awiri akadutsa iye akadali wosasangalala ndi chilichonse, sakugona olo mwana atagona, akudziona wolephera, kapena akunena zoti bola kufa, musawonjezere mphindi za masaji n'kumati zitha. Mumuperekeze kwa azaumoyo ndipo mukanene zomwe mwaona, musadikire ulendo wokaonedwa kuchipatala pakatha masabata 6 chiberekere, chifukwa iye payekha akafunsidwa kuti muli bwanji mayi, ayankha kuti ndili bwino.